Lipoti la opaleshoni ya kanyama ka m'diso: chigamba chinabooka chifukwa cha nsonga ya sizasi

Lipoti ili ndalembera anzanga ogwira ntchito za maso m'zipatala za m'maboma, komanso anamwino a ku fiyeta amene amatsuka ndi kulongedza zida zathu. Opaleshoni yake ndi yozolowereka ndipo wodwalayo anachira bwino. Chandilembetsa ndi vuto limene linabuka ntchito ili mkati, pamene sizasi ya Westcott, kasizasi ka sipuling'i ka maopaleshoni a maso, yomwe inali itangodula bwinobwino mnofu wokhuthala, inakanika pa nembanemba yopyapyala, yomwe ndinkadulapo chigamba chotsekera bala, n'kuiboola.

Wodwala

Ndi bambo wa zaka 46, msodzi wa usipa wochokera m'mudzi wina wa m'mphepete mwa nyanja ya Malawi. Anabwera akudandaula kuti diso lawo la kumanja limafiira, limatokosa ndiponso limatuluka misozi. Kanyama kanayamba kumera pakona ya diso ya ku mphuno zaka zingapo zapitazo, koma sanakalabadire poti asodzi anzawo ambiri ali nako. Anaganiza zobwera kuchipatala ataona kuti posoka ukonde, akatsinzina diso la kumanzere, maso a ukondewo akuoneka osokonekera. Kunyumba ankadonthezamo mankhwala ogula ku famase. Botolo lake anabwera nalo, ndipo munali steroid yemwe anamugwiritsa ntchito mwa apo ndi apo kwa miyezi ingapo.

Powayeza, diso la kumanja linawerenga 6/24, ndipo poyang'anira pa kabowo linafika 6/12. La kumanzere linali 6/6, komwe ndi kuona kwabwinobwino. Pa slit lamp, makina ounikira diso mokuza, kanyamako kanaoneka kuti ndi pterygium yonenepa, yodzaza ndi timitsempha ta magazi, itakwera mamilimita 4 pa cornea, kagalasi koonekera ka kutsogolo kwa diso, mutu wake utatsala pang'ono kufika pa mwana wa diso. Mitsempha ya pansi pake, ya pa choyera cha diso, sinkaoneka n'komwe. M'kagawidwe ka Tan ndi anzake a ku Singapore ka mu 1997, uwu ndi mtundu wachitatu, T3, womwe umakonda kumeranso ukachotsedwa.

Kuno kwathu kanyama kalikonse ka pa diso timakayang'ana kawiri. Khansa ya pamwamba pa diso, imene timaitchula mwachidule kuti OSSN, ndi yofala makamaka mwa anthu omwe ali ndi kachilombo ka HIV, ndipo ikamayamba imatha kufanana ndi pterygium wamba. Pa bambowa panalibe banga loyera louma, panalibenso mtsempha waukulu wodyetsa chotupa. Anavomera kuyezetsa magazi ndipo anapezeka alibe kachilomboka. Shuga ndi BP zinali bwino.

Presha ya m'diso inali 15 mmHg kumanja ndi 14 mmHg kumanzere, ndipo mtsempha wa maso unali wabwino mbali zonse. Izi ndinaziyeza mosamala. Steroid amakweza presha mwa anthu ena, komanso nembanemba ya kumtunda kwa diso, imene ndinkafuna kudulapo chigamba, ndi yomweyo imene imadzafunika munthu akadwala glaucoma, matenda owononga mtsempha wa maso, n'kuyenera kuchitidwa trabeculectomy, opaleshoni yotsitsa presha ya m'diso.

Za gwero lake palibe chachilendo. Dziko lathu lili pakati pa madigiri 9 ndi 17 kum'mwera kwa equator, kumene dzuwa limaomba mwamphamvu chaka chonse. Usipa amagwira usiku ndi nyali, koma masana msodzi amakhala pa mchenga, kusoka maukonde ndi kuyanika nsomba pa thandala, kuwala kukumupeza kuchokera kumwamba, pa madzi ndi pa mchenga pomwe. Fumbi ndi mphepo ya mwera zimangowonjezera.

Njira imene tinasankha

Kale anthu ankangochotsa kanyamako n'kusiya choyera cha diso pambalambanda. Njira imeneyi anaifotokoza D'Ombrain mu 1948, ndipo ndi yachangu, koma kanyama kamameranso mwa anthu ambiri, nthawi zina kaukali kuposa koyamba kaja. Mu 1985 Kenyon ndi anzake anafotokoza zodula chigamba cha conjunctiva, nembanemba yokuta choyera cha diso, kuchokera pa malo abwino a diso lomwelo n'kuchisokerera pa bala. Kwa munthu wa T3 amene adzabwerera ku dzuwa lomwe lija, panalibe zokambirana zambiri: chigamba basi.

Chinsinsi cha njirayi chagona pa kupyapyala kwa chigambacho. Pansi pa conjunctiva pali mnofu wa ulusiulusi wotchedwa Tenon. Chigamba chikatengana ndi Tenon chimakhuthala, chimakwinyika chikamapola, chimatupa nthawi yaitali, ndipo mpata ukatseguka m'mphepete mwake kanyama kamapeza polowera. Tsono ntchito yonse ndi kulekanitsa zigawo ziwirizi popanda kung'amba ya pamwambayo, imene kupyapyala kwake kuli ngati kachikopa ka mkati mwa chikamba cha dzira. Imagwira ntchito imeneyi ndi nsonga ya sizasi, mamilimita awiri kapena atatu akumapeto kwenikweni.

Opaleshoni

Tinadontheza amethocaine, tinatsuka khungu ndi povidone iodine wa 10% ndipo m'diso tinathiramo wa 5%. Titafunditsa ndi kuika speculum, kachitsulo kotsegula zikope, ndinabaya lignocaine wa 2% wosakaniza ndi adrenaline pansi pa kanyamako. Mutu wake ndinausenda pa cornea ndi lezala ya crescent mpaka pamalire a cornea ndi choyera cha diso, n'kusalaza bwino pamalopo. Thupi lake ndinalidula ndi Westcott ya nsonga zobulungira, ndikuchotsanso Tenon wodwala wa m'mbali mwake, mosamala kuti ndisakhudze mnofu wa medial rectus, wotembenuzira diso ku mphuno, womwe umamatirira pa diso pafupifupi mamilimita 5.5 kuchokera pa malire aja. Apa sizasi inadula popanda chodandaulitsa. Chodulidwacho tinachiika mu formalin. Bala linatsala la mamilimita 7 m'litali ndi 6 m'lifupi.

Ndinawapempha bambowo kuyang'ana pansi, ndinayeza ndi caliper mamilimita 8 kwa 7 kumtunda chakunja kwa diso, n'kulemba malire ndi GV. Ndinabaya lignocaine pang'ono pamwamba penipeni kuti conjunctiva ifufume, ndinatsegula kumbali ya kumtunda, ndikugwira m'mphepete ndi forceps ya Moorfields yopanda mano. Kasendedwe kake kamadziwika: umalowetsa sizasi yotseka, umaitsegula pang'ono kuti ilekanitse zigawo, umaitulutsa, kenako umadula timaulusi ta Tenon totsalira ndi nsonga. Nthawi yonseyi chitsulo chizioneka kudzera mu nembanembayo. Chikasiya kuoneka, ndiye kuti walowa pansi kwambiri.

Timaulusi toyamba tinaduka movutikira, moti ena ndinachita kuwabwereza. Nditafika cha pakati, kaulusi kena kolimbirako kanapindika n'kulowa pakati pa masamba a sizasi m'malo moduka. Sizasi inatseka mpaka kumapeto ngati yadula, koma poibweza inakoka kaulusiko, ndipo iko kanakoka conjunctiva mpaka kuing'amba. Panatseguka kabowo ka milimita imodzi ndi theka, pafupi ndi malire a chigamba a mbali ya ku mphuno.

"Asisita, iyi ikutafuna. Muli ina mu seti?"

Westcott inali imodzi yokha. Anandionetsa sizasi ya iris ndi ya Vannas. Ya iris ndinaikana: nsonga zake ndi zosongoka, ndipo kuzilowetsa pansi pa nembanemba yobooka kale n'kufuna bowo lachiwiri. Ya Vannas, yomwe inatenga dzina kwa Mauno Vannas, dokotala wa maso wa ku Finland, ndi yabwino kwambiri pa iris ndi pa kapisozi ka lens, ziwalo za m'kati mwa diso, koma masamba ake ndi aafupi kwambiri. Kudula nayo mzere wa mamilimita 8 kumasiya m'mphepete mwa manomano, ndipo siingasende malo aakulu chotere. Pakanakhala Stevens ya nsonga zobulungira ndikanailandira, ngakhale kuti zogwirira zake za mphete sizimvera chala ngati sipuling'i ya Westcott. Tinanyowetsa cornea, tinaphimba diso, n'kudikira kuti atsegule seti ina.

Kusiyana kwake kunaoneka pa kudula koyamba. Timaulusi tinkaduka sizasi isanatseke n'komwe, ndipo chigamba chinayamba kunyamuka choonekera mkati.

Za kabowo panali njira zitatu. Kusoka ndi ulusi umodzi wa 10-0 kunali kotheka, koma mfundo pakati pa chigamba imatokosa ndipo nembanemba yopyapyala chotere imatha kung'ambikira pa singano. Kusiya malo onsewo n'kukadula kumunsi kwa diso kukanawononga malo awiri. Poti kabowoko kanali pafupi ndi malire, ndinangosuntha mzere wa mbali ya kunja ndi mamilimita awiri, n'kudula kachidutswa kobookako kukhala kunja kwa chigamba. Malo odulapo anakulirako, koma Tenon wa pamenepo anali wosakhudzidwa, ndipo malo otere amadzikuta okha.

Chigamba ndinachitsetsereza pa cornea osachinyamula, kuti pamwamba pakhalebe pamwamba ndipo mbali ya ku malire a cornea ikagwere pa malire omwewo. Ndinachisoka ndi nylon wa 10-0, mfundo ziwiri zoyamba zikugwira episclera, kamnofu ka pamwamba pa choyera cha diso, pa malirepo. Guluu wa fibrin tilibe. Njira yomata ndi magazi a wodwala yemweyo ndimaidziwa, koma kwa munthu wochokera kutali, amene chigamba chitasuntha sangabwere msanga, ndimakhulupirira ulusi. Tinapaka chloramphenicol n'kumanga diso usiku umodzi.

Chimene tinapeza pa sizasi ija

Titamaliza odwala a tsikulo ndinaiika pansi pa maikulosikopu ya ku fiyeta. Ndi maso wamba inkaoneka yabwino, ndipo namwino anali ataiyesa pa gulovu polongedza, n'kudula. Itakuzidwa, zinthu zitatu zinaoneka. Nsonga ya tsamba limodzi inali itapindikira kunja pang'ono, moti potseka panali kampata kodutsa kuwala pa mamilimita awiri akumapeto. Pa mpeni wa tsamba linalo panali pobenthuka. Kuzungulira kasikuluwu kolumikiza masamba kunali timaenje tofiirira ta dzimbiri.

Anthu ambiri amaganiza kuti sizasi imadula chifukwa chakuthwa basi. Kuthwa n'kofunika, koma chachikulu ndi kukhudzana kwa masamba. Opanga amawakhotetsa pang'ono moyang'anizana, kuti potseka azikhudzana pa malo amodzi okha, ndipo malo amenewo amayenda kuchokera ku kasikuluwu kupita ku nsonga. Mnofu umaduka pamalo okhudzanawo. Kukhudzana kukatha, kaya chifukwa nsonga yapindika kapena kasikuluwu kakhwefuka, chodulidwacho chimangopindika n'kupanikizika pakati. Mnofu wokhuthala ngati thupi la pterygium sungalowe m'kampata kakang'ono chotere, komanso timaudulira pakati pa masamba pomwe kukhudzana kudakalipo. N'chifukwa chake gawo loyamba la opaleshoni linayenda bwino. Kaulusi ka Tenon kamalowa mosavuta, ndipo timakadulira kunsonga.

Pa chifukwa chomwecho, kuyesa pa gulovu sikunagwire vutolo. Munthu akamayesa amalowetsa gulovu mkati mwa masamba n'kudulira pakati. Titanyowetsa kathonje, n'kukatambasula kukhala kopyapyala, n'kudula ndi nsonga yokha, kanapindika ulendo uliwonse ndipo pobweza sizasi kankakokeka. Sizasi yachiwiri ija inakadula psiti, osasiya kaulusi.

Mmene inafikira pamenepo

Tinakhala pansi ndi anamwino ndi othandizira a ku fiyeta, osati kufuna wolakwa, koma kutsata ulendo wa sizasi kuchokera pa tebulo mpaka kubwereranso. Palibe chinthu chimodzi chimene chinaipha.

Choyamba chinali kudulira zinthu zosayenera. Pa masiku otanganidwa, Westcott inkagwiritsidwa ntchito kuboola pulasitiki yofunditsa nkhope, kudula silk wa 4-0 wa pa maopaleshoni a zikope, ndipo nthawi zina gauze. Kudula nayo nylon wa 10-0 ndi nkhani yaing'ono, ambiri timatero, koma pulasitiki ya guluu ndi gauze zimabunthitsa mpeni ndi kukankha masamba kuti atalikirane. Anzathu a ku fiyeta yaikulu lamuloli amalidziwa bwino: Metzenbaum, imene anaipanga Myron Metzenbaum wa ku Cleveland, ndi ya mnofu wofewa, Mayo yokhota ndi ya mnofu wolimba, Mayo yowongoka ndi ya ulusi, ndipo wophunzira akadula ulusi ndi Metzenbaum amadzudzulidwa pompo. Ife a maso, omwe zida zathu ndi zosachedwa kuwonongeka kuposa zawo, ndife timalekerera. Mwina n'chifukwa choti seti yathu imakhala ndi masizasi ochepa, ndiye dzanja limangotola yomwe ili pafupi.

Chachiwiri ndi kaunjikidwe. Opaleshoni ikatha, zida zonse zinkaponyedwa mu kidney dish imodzi, sizasi pansi, speculum, zogwirira singano ndi ma artery forceps pamwamba. Nsonga yopindikira kunja imachokera kumeneku, kapena ku kugwa pansi kumene wina sananene. Zotetezera nsonga zinasowa kalekale.

Chachitatu ndi chlorine. Ambirife tinaphunzitsidwa kuviika zida mu chlorine wa 0.5% kwa mphindi 10 tisanazitsuke, ndipo chizolowezichi chinazika mizu. Pa tsiku la odwala ambiri mphindi 10 zimasanduka ola. Mu 2016 bungwe la WHO linatulutsa malangizo a katsukidwe ka zida za kuchipatala omwe sakulimbikitsanso kuviika kumeneku, chifukwa chlorine amadya chitsulo ndipo magazi amamuchepetsa mphamvu. Chitsulo cha sizasi chimakhala ndi carbon wochulukirapo kuti chilimbe ndi kusunga kuthwa, ndipo chifukwa cha chimenechi chimagwira dzimbiri msanga kuposa cha mbale kapena thireyi. Saline nayenso ndi mdani yemweyo, koma anthu amatsukuluzira zida chifukwa ndi amene amakhala pa tebulo.

Wina anafunsa ngati vuto silinali loti sizasiyo ndi yotchipa. Zida zambiri zimene timalandira zimapangidwa ku Sialkot ku Pakistan, zodula kwambiri zimachokera ku Tuttlingen ku Germany, ndipo kusiyana kwa chitsulo ndi kanoledwe kumakhalapo ndithu. Pali masizasi a zogwirira zagolide, omwe mipeni yake ndi ya tungsten carbide ndipo amachedwa kubuntha. Koma maganizo anga ndi akuti ya ku Tuttlingen itadutsa ulendo womwewu, wa pulasitiki, kidney dish ndi chlorine, ikanafika pomwepa, mwina mochedwerako pang'ono. Ndalama zogulira imodzi yoteroyo ndi bwino kugulira Westcott ziwiri za mtengo wapakati ndi sizasi yakeyake ya ulusi pa seti iliyonse.

Tinagwirizana zosintha zochepa zimene sizifuna bajeti. Pulasitiki ndi gauze zizidulidwa ndi sizasi ina yomwe yaikidwa pa thireyi chifukwa cha ntchito imeneyo. Zida zing'onozing'ono zizipukutidwa ndi madzi osungunulira jekeseni, osati saline, n'kuikidwa m'mbale yawoyawo. Zizitsukidwa msanga ndi sopo wa zida ndi kaburashi kofewa zili zotsegula, ziumitsidwe, kasikuluwu kadonthezedwe mafuta a zida osungunuka m'madzi, ndipo zilowe mu autoclave zili zotsegula pang'ono, pa 134°C kapena 121°C monga makina athu amafunira. Nsonga zizivekedwa tizidutswa ta paipi ya silicone totsegula mbali zonse. Paipi ya dripu ayi, imafewa ndi kutentha n'kumatirira. Ndipo kuyesa ndi kathonje konyowa kuzichitika polongedza seti iliyonse, kunsonga.

Sizasi yowonongekayo tinayesa kuikonza. Pobenthuka panachoka ponola ndi mwala wa Arkansas, mbali ya kunja yopendekeka yokha, chifukwa ukanola mbali ya mkati umachotsa kukhudzana komwe ukufunako. Nsonga yopindika sinabwerere mokwanira. Pano ili m'seti ya zikope ngati yodulira ulusi.

Mmene wodwala anapezera

M'mawa mwake chigamba chinali pamalo pake, mfundo zonse zili bwino, ndipo bala la pa cornea linali litayamba kutsekeka. Tinawapatsa mankhwala odontheza a dexamethasone ndi chloramphenicol, ochepetsa pang'onopang'ono kwa masabata 6, ndi paracetamol. Nditawauza kuti asalowe pa nyanja mpaka ulusi utachotsedwa, anati, "Adokotala, mwezi uno ndi wa mdima, usipa ndi uno. Ana adya chiyani?" Tinamvana kuti mng'ono wawo awalowere pa bwato, iwo atsale kumtunda, atavala chipewa cha khonde ndi magalasi a dzuwa, ndipo asasambe kumaso ndi madzi a m'nyanja.

Patatha sabata chigamba chinali chotupa pang'ono ndi chachikasu, monga zimakhalira magazi asanayambe kuyendamo bwino. Malo odulapo, ngakhale anali okulirapo, anali atakutika ndipo panalibe granuloma, kachotupa komera pa bala. Ulusi tinachotsa pa sabata yachitatu. Pa masabata 6 presha inali 17 mmHg ndipo tinasiyitsa steroid. Zotsatira za ku labu ya pathology ya pa Kamuzu Central Hospital zinatsimikiza kuti inali pterygium, yopanda dysplasia, kusintha kwa maselo kotsogolera khansa.

Pa miyezi 6 diso la kumanja linawerenga 6/9 popanda magalasi. Pa cornea patsala kabanga kofuwirira pomwe panali mutu wa kanyama, koma sikafika pa mwana wa diso. Chigamba chaphwa ndipo palibe mtsempha wowoloka malire. Popeza pterygium yomeranso imaonekera kawirikawiri m'chaka choyamba, tawapatsa tsiku lobweranso pa miyezi 12. Ku diso la kumanzere kwayamba kakang'ono ka milimita imodzi pa cornea, kosafiira. Sitikachita opaleshoni panopa. Takayeza ndi kukajambula mu buku lawo la kuchipatala kuti tidzafananize pa ulendo umenewo.